Uta wa Agogo Utalira Kuti Thi

Ndinkachapa zovala kuseri kwa nyumba, kuno ku Nabvutika, dzuwa litangopendeka, pamene ndinamva kaphokoso kakang'ono kuti thi. Sikanali kaphokoso koti munthu n'kutembenuka nako. Wailesi ya aneba inkalira, mwana wina ankalirira vitumbuwa, njinga zinkadutsa kumsewu, koma ine manja anangouma m'beseni momwemo, chifukwa kaphokoso ako ndinakamvapo kamodzi kokha, ndili mwana ku Chiparamba, ndipo thupi linakazindikira mutu usanaganize. Nsungwi ikayamba kung'aluka pamsana imalira choncho.

Ndinasuzumira pakona. Dalitso, mwana wanga woyamba, wa giredi fili, anali ataima pafupi ndi mtengo wa papaya atagwira uta wa malemu agogo anga, uta umene bambo ake anaukoloweka pakhoma chibwerere kumaliro. Kaya anaupinda bwanji yekha. Anali ataumanga ndi waya wa mabuleki a njinga, muvi wake uli sipoko yonola. Anali ataukoka mpaka pachifuwa, masaya atatupa, nkhope ili pafupi ndi nsungwiyo, ndipo kamlongo kake Enelesi, kamene kangosiya kumene kuyamwa, kanali chilili pambali pake, chakutsogolo pang'ono, chala chili m'kamwa, kakuyang'ana m'mwamba.

Mfuu inafika pakhosi, koma sinatuluke. Amene ananditseka pakamwa ndi agogo, ndiye ndiyambe ndanena za iwo.

Ndikakumbukira agogo Sakala, bambo wa mayi anga, chimayamba kubwera ndi fungo la mafuta a nsatsi akupsa pa nsungwi, fungo lolemera, lokakamira m'malaya, losakanikirana ndi utsi wa makala ndi ndowe za m'khola, chifukwa pogwirira ntchito pawo panali kuseri kwa khola, pansi pa mtengo wa mango umene sunkabereka. Pamenepo panali chitsa, ndipo pachitsapo anakhomerapo limu lakale la njinga, ladzimbiri, lopanda sipoko n'imodzi yomwe. M'mawa ukamapita kuchitsime unkamva kwee, kwee, kwee, chibenthu cha botolo chikupala nsungwi, ndipo pobwera ndi madzi pamutu unkapeza tizipalo toyera, topotana ngati ubweya wa nkhosa, titadzaza pamapazi pawo, nkhuku zikutijompha n'kutilavula.

Agogo ankapanga mauta. Kwathu kuja minda inagundana ndi phiri, ndipo chimanga chikangoti chaika ndevu apusi ankatsika ngati aitanidwa paukwati. Munthu wolondera munda ankafuna uta, ndipo anthu ankabwera kwa agogo, ena ochokera mpaka ku Tamanda, chifukwa mauta awo sanali ngati a anthu ena. A anthu ena inali ndodo yongopindika ngati mwezi. A agogo nsonga zonse ziwiri zinkabwerera kutsogolo ngati nyanga za ng'ombe. Ankati anaphunzira kwa mkulu wina wa kuchigwa pamene ankagwira ntchito kumeneko ali mnyamata.

Diso lawo lakumanzere linali loyera ngati mkaka. Ana tinkauzana kuti anawalavulira njoka, ena ankati munga wa mthethe. Palibe amene ankawafunsa.

Panyumba panali anyamata ambiri, ana a amalume, koma agogo ankaitana ine. Monga mwa chibale cha agogo ndi mdzukulu, ankanditchula mkazi wawo.

"Mkazi wanga Zelipa, tasiyani mbalezo, mkazi mnzanu atsuka. Bwerani mundibwereke maso."

Agogo aakazi ankayankha ali m'khitchini, "Mutengeni ndithu. Madzulo akuphikirani yemweyo."

Tsiku lina ndinafunsa chifukwa chake saitana anyamata. Anati anyamata amayang'ana kumene muvi upite, sayang'ana uta. "Iwe ndiwe wamantha. Mwana wamantha ndiye amaona." Zinali zoona, ndinkaopa chilichonse, atsekwe, mabingu, ngakhale mlatho wa mitengo wa kudimba, ndipo mpaka lero sindinasinthe.

Ntchito yanga inali kuima patali, pafupi ndi nkhokwe, iwo n'kuima chammbali kutsogolo kwa khoma la khitchini kuti uta uoneke bwino. Ankati woukoka uta sauona, amangomva kulemera kwake, ndiye pamafunika wina woima pambali. Uta ankaugawa ngati munthu. Pakati ndi pogwira. Kuchoka apo kupita kumwamba ndi mkono wam'mwamba, kupita pansi ndi mkono wam'munsi. Mbali yoyang'ana kwa nyama ndi msana, yoyang'ana kwa mwini wake ndi mimba. Msana, kumene kuli khungu losalala la nsungwi, sankaukhudza ndi mpeni ngakhale pang'ono, ndipo ukaukanda ndi chikhadabo ankakuyang'ana ndi diso limodzi lija mpaka udzimve. Kupala konse kunali kumimba.

Zinkayambira posankha nsungwi. Ankafuna yokhwima, youmira pamthunzi, ndipo asanadule ankayeza ndi chikhatho kuti mfundo za mkono wam'mwamba zitalikirane ndi pogwira chimodzimodzi ndi za mkono wam'munsi, chifukwa pamfundo m'pouma, ndipo mfundo zikasemphana mikono imakangana moyo wake wonse. Akaisema, yotakata pafupi ndi pogwira, yonka niwonda kupita kunsonga, ankadzoza nsongazo mafuta a nsatsi n'kuziwamba pamakala, akuzitembenuza osapumira, akuzinunkhiza, mpaka nsungwi itatuluka thukuta. Ikafewa ankaikanikizira palimu la njinga lija n'kuimanga ndi luzi, ndipo inkagona pomwepo mpaka itaiwala kuti inali yowongoka.

Ndinawafunsa kuti nyangazo n'zachiyani, kapena n'zokongoletsa. Anaseka. Anati nyanga zimagwira nsinga molimba kuyambira pachiyambi, ndiye muvi umachoka mwaukali ngakhale uta uli waufupi, ndipo uta waufupi ndi umene umayenda bwino m'mizere ya chimanga osakodwa m'mapesi. Koma anati zili ndi mtengo wake. Nyanga sizipinda, ndiye katundu yense amagwera pakati pa mkono. "Uta wa nyanga suchedwa kupsa mtima. Umafuna kuunyengerera."

Kunyengererako ndiye kunali ntchito yathu. Ankamanga chingwe chachitali, cholendewera, n'kukoka pang'ono chabe, kenako n'kufunsa, "Mwaona chiyani, mayi?"

"Wam'mwamba wapinda kwambiri apo, pamwamba pa mfundo."

"Bwerani muloze."

Ndinkaloza, iwo n'kulembapo ndi khala. Poyamba ndinkaganiza kuti pakhalapo ndi pamene akonze, koma ayi, ankapala pena ponse n'kusiya pamenepo. Ndinati agogo mwaphonya, vuto lili apa. Anati, "Pofooka sitipala, tingapaphe. Timapala anzake oumawa kuti nawonso apinde, amulandireko katundu." Ankapala pang'ono, mwina kungochotsa ngati khungu la anyezi, n'kupinda utawo mobwerezabwereza kuti nsungwi imve zimene yauzidwa, kenako ine n'kubwerera kunkhokwe kukayang'ananso. Tsiku lonse uta unkangowonjezera kukokeka ngati chala chimodzi. Mkono wam'munsi ankausiya wouma pang'ono kuposa mnzake, ankati ndiye mkulu, amanyamula zambiri. Pomaliza ankamanga nsinga yeniyeni, yachikopa chopota, n'kuika chibakera pogwira chala chachikulu chitaimirira. Nsinga ikakhudza nsonga ya chalacho ndiye zili bwino, ikatsika ankaipotanso kuti ifupike. Akatero ankaidodometsa ndi chala pafupi ndi khutu ngati woimba zeze, n'kundiuza kuti ndiime kumbuyo ndione ngati nsinga yadutsa pakati penipeni pa nyanga zonse ziwiri. Nyanga ikapotoka ankaibwezera pamoto.

Chaka china apusi anavuta kwambiri m'munda mwa amalume Lazaro, mchimwene wa mayi anga. Amalume anali munthu wabwino koma wa changu, woti ngakhale phala amalimwa likuwira. Uta wawo unali usanathe. Unali utangoyamba kukokeka mpaka pachigongono, ndipo tsiku lililonse ankabwera kudzaufunsa.

"Atate, apusi akumaliza chimanga inu mukupala ngati mukumeta khanda."

"Kagone kumunda ndi chitini, uziimba. Uta sunapse."

"Apusi a masiku ano chitini amavina nacho."

Tsiku limenelo agogo anapita kukhitchini kukapala moto. Ine ndinali pansi pa mango ndikusenda mtedza m'lichero. Amalume anatenga utawo pachitsa, anaupinda pabondo, anamanga nsinga yaifupi ya uta wina, ndipo anandiyang'ana n'kutsinzinira kuti ndisanene. Anakoka. Unafika pachigongono, unapitirira, unafika pachifuwa, ine ndili chapansi pawo ndikuona mkono wam'mwamba ukupinda pamalo amodzi ngati bondo, pamene panali khala lathu la dzulo lake. Kenako thi.

Agogo anali atafika pangodya ya khola, phale la makala lili m'manja. Sanathamange, sanaponye phalelo. Analankhula ngati akufunsa za mvula.

"Lazaro. Usasiye nsinga. Usakokenso. Ima momwemo."

Amalume anaima.

"Zelipa, mkazi wanga, dzera kumbuyo kwa amalume ako ukanditengere fodya wanga pakhonde."

Ndinadzuka, ndinadzera kumbuyo, koma sindinafike kukhonde, ndinaima pankhokwe.

"Tsopano bweza. Pang'onopang'ono, ngati ukutsitsa mwana wogona. Nkhope uyang'ane kumbali."

Amalume anabweza mpaka nsinga inafika pamalo pake. Agogo anaika phale pansi, analandira uta, anamasula nsinga, n'kuyendetsa chala pamsana pake. Panali kamliwo kakang'ono katadzuka, kopyapyala ngati tsitsi. Anaonetsa amalume. Kenako anatenga chikwanje, anagoneka utawo pachitsa, n'kuudula pakati.

Ine ndinalira. Uta umenewo tinali titaunyengerera kuyambira chimanga chili m'mawondo, ndipo maso anga anali momwemo. Ndinati bwanji osangoumanga ndi luzi pong'alukapo, kapena kungousunga. Agogo anati uta ukalira kamodzi watha, ndipo wong'aluka sasunga, chifukwa tsiku lina adzaupeza munthu amene sanamve kulira kwake. Zidutswazo agogo aakazi anakazika kudimba, zinagwira matimati.

Amalume atachoka, mwamanyazi, chitini chili m'manja, agogo anakhala pachitsa n'kunditchula dzina langa lenileni, osati la chibwana lija. Analoza diso loyera.

"Si njoka iyi, Zelipa. Ndinali mnyamata, ndinakoka uta wanga woyamba usanathe, pabwalo, amayi akusinja. Unalira kuti thi. Amayi anaumva, anakuwa dzina langa. Ine kudzidzimuka, ndinakoka n'kutembenukira komweko. Mkono wam'mwamba unathyoka, unabwera apa." Anapukuta chibenthu cha botolo pabuluku. "Sindiwada. Anali mayi, anaona mwana wawo ali pangozi. Koma munthu amene wagwira chinthu chokoka sumukuwira."

Sanabwerezenso nkhaniyo mpaka imfa yawo. Diso linalo nalonso linayamba kuchita nkhungu nditakula, ndipo uta wawo womaliza anaupanga ndi zala zokha, maso onse ali anga. Sanaugulitse, sanaupereke. Atamwalira, amalume Lazaro, imvi zili mbuu, anautulutsa m'nyumba n'kundipatsa pamaso pa abale. Anati uwu ngwa mkazi wawo wamng'ono. Ndi chinthu chokhacho cha agogo chimene ndinali nacho, ndipo masiku ena posesa ndinkaima n'kununkhiza nyanga zake, fungo la nsatsi linali likadalimo.

Ndiye tsiku lija kuseri kwa nyumba, thovu la sopo likutsika m'mikono, ndinameza mfuu ija. Miyendo inkafuna kuthamanga. Ndinaiuza kuti iyende. Mawu anatuluka aang'ono, ngati si anga.

"Dalitso, atate. Usasiye wayayo. Usakokenso. Ima momwemo."

Anatembenuza maso okha, ndinaona kuti akuopa kukwapulidwa, ndipo mwana woopa amaponya chimene wagwira n'kuthawa.

"Sindikumenya. Wagwira bwino. Ingoima."

Kenako ndinati, "Enelesi, mama, bwera udzere kumbuyo kwa Dalitso, udzaone thovu m'beseni." Kanayang'ana uta, kanayang'ana ine, kanachotsa chala m'kamwa. Kanayamba kuyenda, koma kodzera kutsogolo, pansi penipeni pa sipoko ija. Ndinaluma lilime. Kanadutsa, kanafika, kanagwira chitenje changa, ndipo ndinakakankhira kumbuyo kwanga.

"Amama, dzanja latopa."

"Ndadziwa. Tsopano bweza pang'onopang'ono, ngati mmene timam'gonekera Enelesi akagona pamsana. Yang'ana kupapaya, usayang'ane uta."

Anabweza. Ndinkaona mkono wam'mwamba ukuwongoka pang'onopang'ono, ndikudikira kulira kwachiwiri, koma sikunabwere. Sipoko inagwa pansi. Ndinafika, ndinalandira utawo, ndinaupanikiza pabondo n'kumasula waya, kenako ndinangokhala pansi padothi lonyowa ndi madzi ochapira.

Pamsana pa mkono wam'mwamba panali kamliwo katadzuka, kotalika ngati chala. Nditagogoda utawo pamwala, panatuluka ufa wachikasu m'timabowo tating'ono. Unali utafumbwa m'kati monse, kunja kokha ndiye kunali kukongola. Ndinamuitana Dalitso kuti akhudze kamliwoko, ndinamuonetsa pamene mkonowo ukanathyokera ndi kumene ukanapita, ndinamugwira pachikope. Ndinamuuza za diso la agogo. Sanalire, anangoti, "Nanga Enelesi?" Ndinati Enelesinso.

Chikwanje chathu chimakhala kuseri kwa chitseko. Ndinagoneka uta pachipika chowazira nkhuni, ndinaununkhiza kaye, osanama, ndinaima nthawi ndithu. Maganizo ankati ungoubisa padenga, ungoupereka kwa amalume, ungoukhomera pakhoma ndi misomali. Koma Dalitso anali atakwera kale pampando kamodzi n'kuutsitsa, ndipo m'komboni muno ana amalowa m'nyumba iliyonse. Ndinadula. Sunalimbe n'komwe, unangoti phwa, ufa n'kubuka.

Bambo a Dalitso amanyamula anthu panjinga m'tauni. Atafika chakumadzulo anapeza msomali wapakhoma uli wokha.

"Amake Dalitso, uta wa agogo uli kuti?"

Ndinawaonetsa zidutswa, kamliwo kaja, ndi sipoko. Anaitembenuza sipokoyo, anayesa nsonga yake pachala, anayang'ana Enelesi amene ankasewera ndi chivundikiro cha poto. Kenako anati, "Ndiye waya wanga wa mabuleki ndakhala ndikumufuna kuyambira Lolemba." Tinaseka pang'ono, kuseka kwa anthu amene aphonyedwa ndi galimoto.

Iwo ankati timuletse basi, asadzagwirenso uta. Ine ndinakana. Anyamata a m'komboni muno onse akupanga mauta a mawaya a ambulera, ndipo ndikamuletsa adzakapangira kuseri kwa nyumba za eni, kumene khutu langa silifika. Ndinaganiza zomupangira uta ndekha. Ndinapita kwa abambo ena oluka malichero kumsika, anandipatsa nsungwi zouma, zopanda bowo n'limodzi lomwe. Ndinapempha limu lakale kwa bambo a Dalitso. Nsatsi ndinalibe, ndinadzoza mafuta ophikira, n'kuwamba nsonga pambaula. Azimayi anzanga podutsa ankati, "Amake Dalitso, mwalowa usilikali?" Ndinkati eya, apusi achuluka m'nyumba mwanga.

Manja anga si a agogo. Nsungwi yoyamba ndinaipsereza, yachiwiri nyanga imodzi inapotoka mpaka ndinaibwezera pamoto. Koma maso akadali omwe aja. Utawo ndinaupala mpaka unafewa, woti ngakhale atakoka mpaka kukhutu sungakwiye, nsinga yake ya ulusi wa thumba wopota, mivi yake ya bango yokhala ndi chitsononkho kumutu. Dalitso ankakoka pang'ono ataima kutsogolo kwa khoma, ine n'kuima patali pafupi ndi papaya, Enelesi ali kumsana, n'kumuuza kuti basi, bweza. Tsiku lina anafuna kupala pamene ndinalemba ndi khala. Ndinamugwira dzanja, ndinamuuza chifukwa chake, ndipo ndinamva mawu a agogo akutuluka m'kamwa mwanga ndi kaimbidwe kawo komwe.

Zidutswa za uta wakale ndinasonkhezera moto, kupatula nyanga imodzi, ya mkono wam'munsi, imene anafumbwe sanaifike chifukwa inapsa bwino pamakala. Ndinaikhomera pamwamba pa khoma, pafupi ndi malata, poti ngakhale ndi mpando mwana safikapo. Pamenepo ndi pamene timakoloweka uta wa Dalitso, nsinga itamasulidwa. Akaufuna amandipempha, ndimautsitsa ndine, ndimayendetsa chala pamsana pake kuyambira kunyanga mpaka kunyanga, ndimauika kukhutu n'kuupinda pang'ono. Ukakhala chete ndimamupatsa, kenako ndimanyamula Enelesi n'kukaima kumbuyo kwake.